Zilembo Zimene Achimwene Anataya

Mwana wa achimwene anga, Ninoska Arancibia, sakwera basi. Ndi mzimayi wamkulu ndithu, wa ana awiri, ali ndi shopu yakeyake yosindikiza, koma akafuna kubwera kumanda kuno ku Playa Ancha, kumene ine ndimagulitsa maluwa pachipata, amakwera masitepe a phiri lonseli wapansi. Amafika thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba. Anzanga ogulitsa maluwa amayamba zawo zija: "Herminda, mwana wanuyu ndi woumira kapena akuchepetsa thupi?" Ine ndimangoti, "Tawazani madzi maluwa anuwo, akufota." Sadziwa kanthu amenewo.

Bambo ake, achimwene anga a Baudilio, anali olemba zikwangwani za mabasi. Timatabwa takuda tija ta pagalasi lakutsogolo, ta zilembo zachikasu, zobiriwira ndi zapinki, tonena kumene basi ikupita. Mukanabwera masiku amenewo, basi iliyonse yotsika m'mapiri a Valparaíso inkanyamula dzanja lawo. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba yathu paphiri la Cerro Cordillera, ndipo madalaivala ankakwera okha kudzawapeza, kudzakhala pazitini za penti n'kumanamizana za mpira. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, atamwalira, Ninoska ali wamng'ono, ine ndinasamukira komweko kukawathandiza kulera. Fungo la penti linkalowa mpaka m'buledi.

Achimwene anali ndi khalidwe limodzi limene tinkakanganirana chaka ndi chaka. Chilembo chimodzi chikangowanyansa, thabwa lonselo ankalitaya kuseri kwa shedi, pansi pa lata lakale. Ankati adzalipakanso penti yakuda n'kulembapo zina. Adzalipaka liti? Mulu unkangokula, amphaka n'kumaswerana momwemo.

"Achimwene, ili lalakwa chiyani?" ndinkawafunsa. "Sakuwerengeka PLACERES apa?"

"Iwe umadziwa maluwa, dziwa maluwa. Taona mwendo wa R uyo."

Ine kuyang'ana, R ngati R aliyense. Ndinkangowasiya ndi misala yawo.

Ninoska anakulira m'shedi imeneyo. Bambo ake ankamulola kupaka penti yakuda yapansi ndi kutsuka mabulashi, koma kulemba chilembo ayi, ankati nthawi yake sinakwane. Atafika zaka ziwiri zomaliza za sekondale, pamene ana amasankha ntchito, anzake anathamangira zophika ndi za maakaunti, iye anasankha zokonza zithunzi ndi zilembo pa kompyuta. Achimwene anasangalala ngati apambana mpikisano. Dalaivala aliyense wobwera ankayenera kumva kaye nkhaniyo asanapatsidwe chikwangwani chake. "Mwana wanga akuphunzira ntchito yanga yomweyi, kungoti yake ndi ya zikhadabo zoyera."

Koma ndiye tinamuona mtsikanayo! Miyezi yochepa chabe kusukuluko, palibe cholembedwa chimene chinkamudutsa. Pepala lokulungira buledi, lalakwa. Kalendala ya kutchalitchi, yalakwa. Tsiku lina anabwera kuno kumanda n'kuima kutsogolo kwa katoni yanga yolembapo mayina a maluwa, manja ali m'chiuno.

"Azakhali, mitundu itatu ya zilembo pakatoni kamodzi? Maso a munthu agwire pati?"

"Agwire pamaluwa," ndinatero. "Choka apa, ukunditchingira makasitomala."

Za bambo ake zokha ndi zimene sankazinyoza. Ankati kusukulu konse kulibe amene angalembe S wokhota ngati wa ababa, ngakhale aphunzitsi.

Chaka chomaliza, aphunzitsi awo, mayi Maritza, anapereka ntchito yaikulu: aliyense apange zilembo zakezake, kuyambira A mpaka Z, zoti munthu akhoza kulembera pa kompyuta. Ana ambiri anangotenga zopangidwa kale n'kuzinenepetsa pang'ono. Ninoska anaganiza za bambo ake. Anati aika dzanja lawo mu kompyuta kuti lisadzafe, ndipo adzawaonetsa tsiku lotsanzikana kusukulu, pamaso pa anthu onse. Ankafuna kuwadzidzimutsa, n'chifukwa chake sanawapemphe kanthu. Tsono zikwangwani zabwino zonse zinali pamsewu, zikuthamanga ndi mabasi. Zopezeka pafupi zinali za pansi pa lata. Ankasolola limodzi m'mawa, kulibisa m'chikwama, kukalijambula ndi makina a kusukulu, madzulo n'kulibwezera. Chilembo chilichonse anachitsatira mzere ndi mzere osasintha kalikonse, poti kwa iye zonse za ababa zinali zabwino. Anapeza seveni, malikisi apamwamba kwambiri m'masukulu akuno, ndipo mayi Maritza anayendetsa ntchitoyo kalasi yonse.

Zikanathera pomwepo, bwenzi lero akukwera basi ngati anthu ena onse.

Chaka chomwecho ankawatumiza masiku ena m'mashopu osindikiza kuti akaone ntchito yeniyeni. Ninoska anagwera kwa mkulu wina dzina lake Wladimir, wa shopu ya masitika pafupi ndi pokwerera mabasi. Kumeneko mwana wa seveni uja ankangosesa, kuphika khofi ndi kutola zinyenyeswa za masitika. Zinamuwawa. Ankafuna wina amuone kuti si wosesa. Tsiku lina bwana atakhala pafupi, anatsegula zilembo zija n'kulemba dzina la shopu.

Wladimir anatsitsa magalasi. "Eee! Izi si za mdala Baudilio izi?"

"Ndi ababa anga," anatero Ninoska monyadira.

"Tazisiya pa kompyuta pomwepo, mtsikana iwe, ndizionetsetse bwino."

Anazisiya. Sabata isanathe kunabwera Rigoberto, dalaivala wa njira ya ku Rodelillo, amene tonse tinkamutchula kuti Chimimba. Ameneyu anali mnzawo wa achimwene wa zaka zambiri, wadya sopaipilla zanga zosawerengeka, mandasi akuno aja. Thabwa lake linali litang'aluka, ndipo ankadandaula kuti kukwera kwa mdala n'kudikira penti iume ndi masiku. Wladimir anati khala pansi, imwa khofi. Khofi asanazizire, chikwangwani chinali chitatha. Amene anadula sitikayo n'kuimata pathabwa anali Ninoska mwiniwake. Pambuyo pake anadzandiuza kuti, "Azakhali, chimene chimandidya n'choti tsiku limenelo ndinasangalala. Ndinabwera kunyumba ndikuimba."

Madalaivala sasunga chinsinsi cha chinthu chachangu. Mmodzi anauza mnzake, mnzakeyo anauza garaja yonse. Kwathu kuphiri kunayamba kuchepa alendo. Achimwene ankatsegula shedi m'mawa monga mwa masiku onse, kusanja zitini, kutsuka mabulashi otsukatsuka kale, kenako n'kukaima pamsewu kumaonerera mabasi akutsika. Ankati mwina anthu akusunga matabwa awo bwino masiku ano.

Madzulo ena tikumwa tiyi, anaika kapu pansi n'kunena motsitsa mawu. "Herminda, ndaona basi ya ku Rodelillo lero. Dzanja ndi langa. Koma sindikukumbukira kuti ndinalemba liti."

Ine ndinaseka. "Mwalemba angati moyo wanu wonse? Mungawakumbukire onse?"

"Onse ndimawakumbukira."

Ninoska anali akupaka peyala pabuledi. Mpeni unaima, kenako unapitiriza. Ine ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Sabata yotsatira achimwene anaona mabasi otere awiri, kenako asanu. Mabasi akuno saima, amangochepetsa liwiro kuti munthu adumphiremo, ndipo maso a achimwene patali anali atayamba kale kuchita chifunga. Kuti ndi sitika osati penti, sakanazindikira. Chimene ankachiona bwinobwino chinali maonekedwe a chilembo, poti zimenezo ankaziona ngakhale ali m'tulo. Ndipo chimene ankaonacho chinawaopsa.

"R wake ndi wotsimphina, Herminda. Mwendo wakutsogolo wafupika. S wagwera chagada. Ine ndingatulutse zinthu zotere pakhomo panga? Ndiye kuti ndikulemba zonyansa, n'kupereka kwa anthu, n'kuiwala. Anyamata aja n'chifukwa chake asiya kubwera. Akundimvera chisoni."

Apa ndiye ndinasiya kuseka. Amayi athu anamwalira atatiiwala tonse. Anayamba ndi tizinthu tating'ono, makiyi, mayina a anthu oyandikana nawo, mapeto ake ankaika nsapato mu uvuni n'kumanditchula dzina la mng'ono wawo amene anafa ndisanabadwe. Achimwene ndi amene ankawasambitsa. Chinthu chimene ankachiopa padziko lapansi chinali chimenecho, osati njala, osati imfa.

Tsiku lina anaimitsa Chimimba pamsewu, n'kufuula pakhomo la basi: "Rigoberto! Chikwangwani icho wakulembera ndani?"

Chimimba, chitsiru cha munthu, manyazi anamugwira kuti anathawa mnzake. M'malo monena zoona anaseka. "Aaa, mdala, mukufunsa dala? Dzanja lanu lomweli! Mwaiwala kale?" Anaponda moto n'kumapita. Mpaka lero akamadutsa pano sindimuyankha moni.

Achimwene anabwera kunyumba nkhope itagwa, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Ananena Ninoska ali pomwepo akusita yunifolomu. Tsiku lopita, mtsikanayo anajomba kusukulu kuti atiperekeze. Anawanyamulira jekete. Anakhala nawo pabenchi, kuwagwira dzanja. Basi imene tinakwera popita inali ndi sitika yomata iye mwini, koma pakamwa pake sipanatuluke liwu. Adokotala anawafunsa tsiku, mayina a zinthu, kuwauza ajambule wotchi. Achimwene anajambula wotchi yokongola moti adokotala anaionetsa namwino. Anati sakupeza vuto, koma tidzabwerenso.

"Amayinso poyamba ankati sakupeza vuto," anatero achimwene tikutuluka.

Kuyambira pamenepo anayamba kudzilondalonda. Akatseka chitseko ankabwerera kukachigwira. Akaiwala kumene aika magalasi, zimene aliyense amachita, ankakhala chete tsiku lonse. Munthu wa nthabwala uja anasanduka mlendo m'nyumba mwake.

Ninoska naye anayamba kuonda. Chakudya ankangochitokosa. Ine maganizo anga anathamangira kumene maganizo a azakhali onse amathamangira. Ndinamutsekera m'khitchini.

"Ndani mnyamatayo? Nena msanga ndikamuthyole miyendo."

"Palibe mnyamata, azakhali."

"Nanga ukufotera chiyani?"

Anati mayeso. Chimene sindinkadziwa n'choti anali atapita kale kwa Wladimir kukamugwadira kuti afufute zilembozo. Wladimir anamuseka. Anati zilembo zilibe mwini, ndipo ngakhale atafufuta, msuweni wake wa ku tauni ya Viña anali atazitenga kale. Tsiku lililonse mtsikanayo ankadzuka atatsimikiza kuti lero awauza ababa, ndipo tsiku lililonse ankaona kuti dzulo kukanakhala kosavuta kuposa lero. Poyamba ankaopa kunena kuti anawalanda ntchito. Kenako ankaopa kunena kuti anakhala chete pa tiyi paja. Kenako panabwera za kuchipatala, ndipo zimenezo sankadziwa n'komwe kuti angaziyambe bwanji.

Lamlungu lina masana, tsiku lotsanzikana litayandikira, ine ndikuyanika zovala, ndinamva achimwene akumuitanira m'shedi. Anali atatsuka mabulashi awo onse n'kuwakulunga m'kansalu koyera.

"Tenga, mayi. Ndasiya. Ndisiye ndidakadziwa kuti ndikusiya, anthu asanayambe kundiseka poyera. Ndipo tamvera, zikadzafika poti sindikukudziwa, usadzavutike nane ngati mmene ndinavutikira ndi agogo ako. Udzandipititse kosungira okalamba, sindidzakwiya."

Ninoska sanalandire. Anathamangira kuseri kwa shedi, n'kukankha lata lija mpaka linagwa ndi chiphokoso, amphaka balalabalala. Anayamba kukoka matabwa n'kumawaponya pamapazi pa bambo ake, akulira mokuwa ngati kamwana. Mawu ankatuluka osalongosoka, koma tinamva zonse: za kusukulu, za Wladimir, za khofi wa Chimimba.

Achimwene anayang'ana matabwawo, kansalu kali m'manja.

"Ndiye kuti sindinalembe ine?"

"Ayi, ababa."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

"Mutu wanga uli bwino?"

Anakhala pachitini cha penti n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, akudzimenya pantchafu. "Herminda, wamva? Sindikupenga! Ndi mwanayu!"

Ine sindinaseke ayi. Ndinataya zovala pansi, magazi atandikwera. "Iwe mwana iwe! Miyezi yonseyi ukuwaona bambo ako akudziika m'manda ali moyo? Unawanyamulira jekete kupita kuchipatala, uli chete? Mtima wako ndi wotani?" Dzanja ndinali nditalikweza kale.

"Musiye," anatero achimwene.

Kenako anawerama n'kutola thabwa limodzi. Linali la PLACERES lija. Analiyang'ana, n'kuyang'ana mulu wonsewo, ndipo kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono.

"Unatenga apa?"

"Eya, ababa."

"Zonse?"

Ninoska anavomera ndi mutu.

"Bwanji sunandipemphe, mayi? Ndikanakulembera zabwino."

Sanakalipe, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Za ntchito imene inawathera sanazitchulepo n'kamodzi komwe. Ninoska amati bola akanamumenya, bwenzi zinatha.

Tsiku lotsanzikana achimwene anapita atavala suti ya ukwati wawo. Zilembo zija aphunzitsi anazipachika pakhoma la holo, zazikuluzikulu, seveni ili pambali. Makolo ena ankabwera kudzawagwira chanza achimwene, iwo n'kumathokoza mwaulemu. Chithunzi cha tsikulo chili pakhoma kwathu. Mwana ali ndi satifiketi, maso otupa, ndipo bambo ake aima mopendekeka pang'ono, phewa lawo litaphimba R.

Tchuthi chimenecho achimwene anamasula kansalu kaja. Anagula matabwa atsopano n'kulemba zilembo zonse, A mpaka Z ndi manambala omwe, chimodzi patsiku, nthawi zina chimodzi masiku atatu. Ninoska ankakhala pambali kuwapatsira penti. Aka kanali koyamba kumulola kugwira bulashi ya zilembo, dzanja lawo lili pamwamba pa lake. Ngakhale ine wa maluwa ndinaona kuti izi ndi zina. Mtsikanayo anazijambula, kuzikonza, n'kupita nazo kwa Wladimir kuti angozitenga, achotse zakale zija. Wladimir anayesa pabasi imodzi. Dalaivala anabweza tsiku lomwelo. Anati izi si za Baudilio, ife tikufuna zija za R wotsimphina, anthu anazizolowera, amaziona zili kutali.

Ninoska atabwerako, achimwene anali pakhomo akudikira. "Azilandira?"

Ndinamuyang'ana mwanayo. Kunama kunali pafupi, ndipo kukanawasangalatsa.

"Akana, ababa. Akufuna zakale."

Achimwene anagwedeza mutu. "Chabwino. Wachita bwino kundiuza."

Anakhala ndi moyo zaka zingapo ndithu pambuyo pake. Ankalembera ogulitsa nsomba ndi a timagolosale ta m'phiri mwathu, ntchito ya apo ndi apo. Pamsewu anasiya kukaima. Mutu wawo unali bwino mpaka tsiku lomaliza, moti m'chipatala ankakumbutsa anamwino nthawi ya mankhwala. Unali mtima umene unawatenga.

Ninoska anagwira ntchito m'mashopu a anthu, kenako anatsegula yake kumunsi kwa mzinda. Amapanga makadi a ukwati, mapepala a zakudya za m'malesitilanti, zikuto za mabuku, ndipo anthu amati ali ndi diso. Zikwangwani za mabasi salandira, ubwere ndi nkhope yotani. Ana a kusukulu yake yakale amawatumiza kwa iye kudzaphunzira ntchito, ndipo sawapatsa tsache. Koma mwana akangomuonetsa chinthu chokongola, funso loyamba ndi lomwelo: "Wazitenga kuti? Mwiniwake wamupempha?" Anawo amati ndi mayi wovuta.

Zilembo zabwino zija sanazigulitse kwa aliyense. Zili pamalo amodzi okha mumzinda wonse uno, pachitseko cha manda a achimwene, mzere wachitatu kuchokera pansi, poti manda akuno ndi timabowo tosanjikizana m'khoma. Analemba yekha ndi mabulashi a bambo ake, ndipo penti ikayamba kusuluka ndi mphepo ya kunyanjayi amabwera kudzabwerezamo. BAUDILIO ARANCIBIA, R ataima ndi miyendo yake yonse iwiri.

Mwezi wathawu anabwera kukuwaza mvula, atanyowa mpaka m'nsapato. Zinandikwiyitsa. Ndikumumangira maluwa ndinamuuza kuti, "Iwe, ukalamba ndi zimenezi? Bambo ako anakukhululukira tsiku lomwe lija pachitini. Ine amene ndinkafuna kukumenya ndinakukhululukira. Mawondo akowo ukuwalangiranji? Kwera basi ngati munthu."

"Ndikudziwa, azakhali," anatero. "Kukhululuka anakhululuka."

Nthawi yomweyo basi inakhota pachipata kudzatsitsa anthu a maliro. Pagalasi pake panali thabwa lakuda la zilembo zachikasu, latsopano, lonena kuti CEMENTERIO, ndiko kuti kumanda, R wake akutsimphina monga kale. Ninoska anayang'ana pansi mpaka inachoka, kenako anatenga maluwa ake n'kulowa kwa bambo ake.